Nkhuni zaziwisi zimasandutsa chumuni kukhala nkhokwe ya moto

LILONGWE - Aliyense amene analowapo m'khitchini yofolera ndi udzu amadziwa mmene denga lake limaonekera kunsi. Phaso ndi udzu zimada bii, zimanyezimira ngati zapakidwa mafuta, ndipo mwaye umalendewera paliponse. Zakudazo ndi mbali ya nkhuni imene sinapse, yomwe inachoka pamoto ngati utsi n'kukaundana pamalo ozizira.

M'nyumba imene ili ndi chumuni, zinthu zomwezo zimaunjikana m'njira imodzi yopapatiza imene maso saiona. Zikachuluka, zimatseka njira ya utsi kapena zimagwira moto. Chimodzi mwa zinthu zimene zimafulumizitsa kuunjikana kumeneku ndicho kusonkha nkhuni zomwe sizinaume.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri m'chigawo cha kum'mwera ndi pakati pa Africa. Kalembera wa mu 2018 m'dziko la Malawi anapeza kuti mabanja oposa atatu mwa anayi alionse amaphikira nkhuni. Machumuni amapezeka pa mbaula zina zomangidwa ndi njerwa, m'makhitchini a sukulu zogonera komweko, m'zipatala, m'malo ophikira buledi ndiponso m'mabalani otchitsira fodya. Amapezekanso m'nyumba za m'madera ozizira monga Dedza ndi Zomba ku Malawi, Nyanga ku Zimbabwe, mapiri a ku Lesotho ndi dera lokwera la Johannesburg, kumene anthu amaotha moto m'nyumba m'miyezi ya Juni ndi Julaye.

Ntchito ya chumuni

Chumuni chimagwira ntchito chifukwa mpweya wotentha umapepuka kuposa wozizira. Utsi wotentha ukamakwera, umakoka mpweya watsopano kuti ulowe pamoto, ndipo motowo umayaka bwino. Utsiwo ukatentha kwambiri, chumuni chimakoka mwamphamvu. Ukazizira, kukokako kumafooka.

Phindu la chumuni chogwira bwino ntchito ndi lalikulu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba. Kafukufuku amene anachitika m'midzi ya m'mapiri a ku Guatemala, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2011, anasonyeza kuti mbaula za chumuni zinachepetsa ndi theka mpweya woipa umene ana ankapuma, ndipo chibayo choopsa chinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Phindu limeneli limadalira kuti njira ya utsi ikhale yotseguka. Chumuni chodzaza ndi mwaye chimabwezera utsi m'nyumba, ndipo chimawonjezera ngozi imene kale panalibe.

Madzi a m'chikuni

Mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi ambiri. Pa mitengo yambiri, pafupifupi theka la kulemera kwa chikuni chachiwisi ndi madzi. Mtolo wa nkhuni zaziwisi wolemera makilogalamu 10 umakhala ndi madzi okwana malita 5. Nkhuni zimatchedwa zouma madzi ake akatsika kufika pa magawo 20 mwa magawo 100 alionse kapena kucheperapo, kutanthauza kuti mtolo wa makilogalamu 10 wa nkhuni zotere umakhala ndi malita awiri okha.

Madzi sayaka. Chikuni chisanapse, moto uyenera kuyamba wawiritsa madzi onsewo mpaka asanduke nthunzi, ndipo ntchito imeneyi imadya kutentha kochuluka. Kusonkha nkhuni zaziwisi kuli ngati kuthira madzi pang'onopang'ono pamoto umene munthu akufuna kuti uyake. N'chifukwa chake kilogalamu imodzi ya nkhuni zaziwisi imapereka pafupifupi theka lokha la kutentha kumene kilogalamu ya nkhuni zouma imapereka.

Koma vuto lalikulu limachitika m'malawi a moto. Chikuni chikatentha kufika pa madigiri 200 mpaka 300, chimayamba kutulutsa mipweya ndi timadontho ta phula. Zimenezi ndi zomwe zimayaka ngati lawi, ndipo mbali yaikulu ya mphamvu ya nkhuni ili m'menemo. Kuti zipse zonse pamafunika mpweya wokwanira ndi kutentha kwa pafupifupi madigiri 600. Moto wa nkhuni zaziwisi kawirikawiri sufika pamenepo. Umangofuka, ndipo mipweya imene ikanapsa imakwera m'chumuni ili yosapsa, itasakanikirana ndi nthunzi.

Utsi wochindikala, woyera kapena wachikasu, umene umatuluka pamoto wotere ndi nkhuni zimene zikuuluka zisanagwire ntchito. Mwini nyumba amaluza kawiri. Amasonkha nkhuni zambiri kuti apeze kutentha kochepa, ndipo zimene zamupulumukazo zimakamatirira m'chumuni.

Mmene phula limaundanira

Utsi ukakhudza khoma lozizira la mkati mwa chumuni, umachita mofanana ndi nthunzi ikakhudza chivundikiro cha poto. Umasanduka madontho. Izi zimachitika makamaka pamene kutentha kwa m'chumuni kwatsika pansi pa madigiri 120. Popeza utsi wa nkhuni zaziwisi umayamba uli wozizirirapo ndipo umakwera pang'onopang'ono, umakhalitsa m'chumuni ndipo umasiyamo zambiri.

Zotsalirazo akatswiri amazitcha creosote. Dzinali ndi lofanana ndi la mankhwala akuda amene amapaka mitengo ya magetsi kuti isadyedwe ndi chiswe, ngakhale kuti amenewo amapangidwa kuchokera ku malasha. Phula la m'chumuni limaoneka m'maonekedwe atatu. Poyamba limakhala mwaye wofewa umene umachoka ndi burashi. Kenaka limasanduka zikhakha zakuda, zolimba ndi zothetheka. Pomaliza limakhala ngati phula la pamsewu, lonyezimira ndi lomatirira zolimba, moti burashi imangotererapo. Lachitatuli ndi loopsa koposa, ndipo ndilo limakonda kupangika pamene nkhuni zaziwisi zikufuka kwa nthawi yaitali.

Phulali likamachindikala, njira ya utsi imachepa msanga kuposa mmene anthu amaganizira. Paipi imene m'mimba mwake ndi masentimita 15 ikamatidwa ndi phula lochindikala sentimita imodzi kuzungulira konse, imakhala yataya gawo limodzi mwa magawo anayi a mpata wake. Njira ikachepa, chumuni chimakoka mofooka, moto umafuka kwambiri, ndipo phula limawonjezereka mofulumira kuposa poyamba.

Madontho a utsiwo alinso ndi asidi. Amadya paipi yachitsulo kuyambira mkati mpaka kuiboola, ndipo amafewetsa matope kapena simenti yolumikiza njerwa. Mizere yakuda yonunkha imene imatsetsereka pakhoma la chumuni kapena polumikizira mapaipi ndi chizindikiro chakuti mkatimo muli zambiri.

Anthu ena amakhulupirira kuti paini ndiye amadetsa chumuni chifukwa cha utomoni wake. Koma chimene chimalamula kwambiri ndi kuuma kwa chikuni ndi kuchuluka kwa mpweya wofika pamoto. Paini wouma, woyaka ndi lawi lowala, amasiya phula lochepa kuposa tsamba kapena mombo wauwisi umene ukungofuka. Momwemonso, nkhuni zouma bwino zimatha kudetsa chumuni ngati mwini mbaula watseka polowera mpweya pofuna kuti moto ukhale usiku wonse.

Chumuni chikagwira moto

Phula louma ndi nkhuni zimene zikudikira mbaliwali. Tsiku limene wina wasonkha moto waukulu, waponyamo mapepala kapena makatoni, lawi limafika m'chumuni ndipo phulalo limayaka. Kutentha kwa moto wotere kumatha kupitirira madigiri 1,000, pamene chumuni chinamangidwa kuti chizingodutsitsa utsi.

Nthawi zina moto umenewu umamveka ndi mkokomo wonga wa galimoto yaikulu, paipi imafiira ndi kunjenjemera, ndipo pamwamba pa denga pamatuluka malawi, mbaliwali ndi utsi wakuda. Njerwa zimachita ming'alu, polumikizira mapaipi pamamasuka, ndipo kutentha kumafika ku mitanda ya denga ndi ku siling'i. Zidutswa za phula loyaka zimagwera padenga, ndipo denga likakhala la udzu, nyumba imatha kupsa m'mphindi zochepa. M'miyezi ya mphepo ya Julaye ndi Ogasiti, mbaliwali zimatha kufika pa nkhokwe kapena pa nyumba za oyandikana nawo.

Nthawi zina motowo umayaka mwakachetechete chifukwa chosowa mpweya, ndipo am'nyumba sadziwa kuti kanthu kachitika. Umasiya phula lofufuma ngati thovu louma, chipewa cha chumuni chopindika, ndi ming'alu yosaoneka. Moto wotsatira umadutsa m'ming'alu imeneyo.

Chumuni chikagwira moto, choyamba ndi kutulutsa anthu onse m'nyumba ndi kuitana ozimitsa moto kumene alipo. Ngati n'kotheka popanda kudziika pangozi, atseke chitseko cha mbaula ndi polowera mpweya kuti motowo usowe chopumira. Kuthira madzi m'chumuni chotentha n'koopsa, chifukwa njerwa zimasweka ndipo nthunzi yowotcha imabwerera kwa wothirayo. Madziwo amathandiza kwambiri ponyowetsa denga ndi zinthu zoyandikira. Motowo ukazima, mbaulayo isayatsidwenso mpaka chumuni chonse chitayenderedwa ndi mmisiri.

Mpweya wosanunkha

Ngozi yachiwiri simveka ndipo sioneka. Nkhuni zikamapsa moperewera, zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide wochuluka. Mpweya umenewu ulibe fungo kapena mtundu. Ukalowa m'mapapo umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo opitirira 200, ndipo thupi limayamba kubanika munthu akupuma ndithu.

Chumuni chotseguka chimatulutsa mpweya umenewu kunja. Chotsekeka ndi mwaye kapena chisa cha mbalame, ngakhalenso chong'aluka, chimaubwezera m'nyumba. Ngozi imakula usiku wa chisanu, pamene mazenera ndi zitseko zatsekedwa ndipo makala akunyeka anthu ali m'tulo.

Zizindikiro zoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo tosadziwika bwino. M'madera a malungo n'kosavuta kuganiza kuti ndi malungo. Chosiyanitsa n'chakuti anthu angapo a m'nyumba imodzi amadwala nthawi imodzi, thupi silitentha, ndipo amapezako bwino akatuluka panja. Wodwala wotere atulutsidwe kumene kuli mpweya wabwino ndi kuthamangira naye kuchipatala. Ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima ndiwo amavulala msanga.

Mabalani ndi makhitchini aakulu

M'chigawo chino machumuni ambiri amene amagwira ntchito yolemetsa ali m'minda ya fodya. Ku Zimbabwe, kum'mawa ndi pakati pa Zambia, komanso m'maboma monga Kasungu ndi Mchinji ku Malawi, fodya wotchitsa ndi moto amaumitsidwa m'mabalani momwe kutentha kumachokera m'ng'anjo, n'kudutsa m'mapaipi oyala pansi, n'kukatulukira m'chumuni. Moto umasonkhedwa usana ndi usiku kwa pafupifupi sabata yathunthu pa ulendo umodzi, ndipo kumapeto kwake kutentha kwa m'balani kumafika cha m'ma madigiri 70.

Ntchito imeneyi imachitika m'miyezi ya mvula, kuyambira cha m'Januwale mpaka Epulo, nthawi imene chikuni chongodulidwa kumene sichingaume. Mlimi amene sanasunge nkhuni m'chilimwe amakakamizika kusonkha zaziwisi. Kutentha kumavuta kukweza pa nthawi yake, nkhuni zimatha zambiri, ndipo mapaipi amadzaza mwaye ndi kudyeka. Paipi yobooka imalowetsa utsi umene umawononga mtundu wa fodya, ndipo imatha kuponya mbaliwali pa masamba amene auma gwa. Balani ikapsa, mlimi amataya nyumbayo pamodzi ndi zokolola zimene amayembekezera kubwezera ngongole ya feteleza.

Makhitchini a sukulu ndi zipatala amakumana ndi vuto lofananalo. Kumeneko moto umayaka tsiku lililonse, nkhuni zimagulidwa pamtengo wotsika kwa aliyense wobwera nazo, ndipo zimasonkhedwa tsiku lomwe zatsitsidwa m'galimoto. Chumuni cha khitchini yotere chimadzaza m'masabata ochepa.

Kuumitsa kumafuna nthawi

Mankhwala a vutoli ndi nthawi. M'mayiko ozizira a ku Ulaya nkhuni za mitengo yolimba zimatenga chaka chimodzi kapena ziwiri kuti ziume. M'chigawo chino, kumene mvula imasiya cha m'Epulo n'kudzayambanso cha m'Novembala, nkhuni zowazidwa zimauma m'miyezi ingapo ya chilimwe. Chipika chachikulu chosawaza, chokhala ndi khungwa lake, chimatha kusunga madzi kupitirira chaka.

Kalendala ndi imene imasokoneza ambiri. Chisanu chimabwera mvula itangotha kumene, choncho mtengo wodulidwa m'Epulo kapena m'Meyi sukhala utauma pofika m'Juni. Nkhuni zoothera m'chisanu ndi zotchitsira fodya ziyenera kudulidwa ndi kuwazidwa m'chilimwe cha chaka cham'mbuyo, ndipo zisungidwe pouma nyengo yonse ya dzinja. Ku Cape Town ndi madera ozungulira, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizira, kusunga nkhuni pansi pa denga n'kofunika koposa.

Kuwaza kumathandiza chifukwa madzi amatuluka msanga pamene khungwa lang'ambika. Bulugamu amawazika mosavuta akadali wauwisi, ndipo amalimba akauma. Nkhuni zisanjidwe pamiyala kapena pathandala kuti zisakhudze dothi, kumene kuli chinyezi ndi chiswe. Pamwamba pafunditsidwe ndi lata kapena udzu, koma m'mbali mukhale motseguka kuti mphepo izidutsa. Kukuta mulu wonse ndi pepala lapulasitiki kumatsekera chinyezi mkati, ndipo nkhunizo zimachita nkhungu.

Chikuni chouma chimadziwika ndi ming'alu kumapeto kwake, khungwa losendeka mosavuta ndi kupepuka. Ziwiri zikagundanitsidwa zimalira momveka, pamene zaziwisi zimangoti phi. Pamoto, chikuni chachiwisi chimalira ngati chikukazingidwa ndipo chimatulutsa thovu kumapeto. Amene ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi awaze chikuni ndi kuyeza mkati, popeza kunja kumauma msanga.

Mayiko ena anaika zimenezi m'lamulo. Ku England, kuyambira pa 1 Meyi 2021, nkhuni zogulitsidwa pang'onopang'ono zogwiritsa ntchito pakhomo siziloledwa kukhala ndi madzi opitirira magawo 20 mwa magawo 100 alionse.

Si banja lililonse lingathe kusunga nkhuni za miyezi ingapo. Kumene nkhalango zatha, amayi amatola zimene apeza tsiku limenelo, ndipo ogulitsa a panjinga amabweretsa mitengo yodulidwa dzulo lake. Ngakhale zili choncho, pali zochepetsa ngozi. Nkhuni zowazidwa zing'onozing'ono zimauma m'masiku ochepa padzuwa. Moto uyambe ndi zouma kwambiri mpaka chumuni chitenthe, ndipo zokayikitsa ziwonjezedwe chimodzichimodzi pamakala amphamvu. Nkhuni zamawa zikhoza kuikidwa chapafupi ndi mbaula kuti ziume, koma osati pamwamba pake kapena moyedzamira paipi.

Kasonkhedwe ndi kasamalidwe

Moto waung'ono wowala umadetsa chumuni pang'ono kuposa moto waukulu wofuka. Njira ina yochepetsera utsi ndi kuyatsa moto kuchokera pamwamba: zikuni zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, kuti utsi wochokera pansi uzidutsa m'lawi n'kupsa. Ku South Africa njira yotereyi inatchuka pakati pa osonkha malasha ndi dzina lakuti Basa njengo Magogo. Moto ukakolera, pamwamba pa chumuni payenera kuoneka utsi wochepa kwambiri. Matabwa opentedwa, mitengo yothiridwa mankhwala a chiswe ndi mapulasitiki zisaponyedwe pamoto, chifukwa utsi wake ndi wapoizoni.

Kamangidwe nako kali ndi mbali yake. Paipi yachitsulo yodutsa panja kwa mtunda wautali imazizira msanga, ndipo yokhotakhota imachedwetsa utsi. Malamulo omangira nyumba ku America amafuna kuti chumuni chitalike masentimita 90 pamwamba pa malo amene chabowola denga, ndiponso kuti paipi wamba yachitsulo italikirane ndi matabwa masentimita 45. Pa denga la udzu mpata uyenera kukulirapo.

Chumuni cha nyumba yoothera moto chiyenera kusesedwa kamodzi pachaka, chisanu chisanayambe, ndipo kawiri ngati moto umayaka kawirikawiri. Cha mbaula yophikira tsiku ndi tsiku chimafunika kuchiyang'ana mwezi uliwonse. Akatswiri a machumuni amalangiza kuti mwaye ukachindikala mamilimita atatu, nthawi yosesa yakwana. Ntchitoyi imachitika chumuni chitazizira, pogwiritsa ntchito burashi yomangirira ku nsungwi kapena thumba lokhala ndi miyala lotsitsidwa ndi chingwe. Phula lonyezimira limene lakana burashi limafuna mmisiri, ndipo paipi yachitsulo yofika pamenepo ndi bwino kungoisintha. Kuyatsa moto waukulu mwadala pofuna kuwotcha phulalo ndiko kuyambitsa ngozi yomwe ikupewedwayo.

Wosesa atseke pakamwa ndi mphuno, ndipo asambe akamaliza. Kuopsa kwa mwaye pakhungu kunadziwika kalekale. Mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, anasonyeza kuti anyamata osesa machumuni ankadwala khansa chifukwa cha mwaye umene unkakhalitsa pathupi pawo.

Kwa mwini nyumba, woyang'anira khitchini ya sukulu ndi mlimi wa fodya, ntchito yoteteza chumuni imayamba m'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, pamene dzuwa ndi mphepo zimaumitsa nkhuni mwaulere. Mulu wosanjidwa nthawi imeneyo ndi umene udzasonkhedwe mvula ikadzagwa ndiponso chisanu chikadzabweranso.